Akuti Ndinaleka Bere Msanga

Ine ndimakonda kuwonjezera mchere, zimenezo tisakangane. Ndikakuuzani kuti ndaona khoswe wamkulu ngati mbuzi kuseri kwa msika wa ku Old Town, inu muzichotsapo pang'ono, mutsale ndi khoswe wamkulu ngati mphaka. Koma nkhani iyi musachotsepo kanthu.

Amayi anga agwira ntchito m'nyumba imodzi ya ku Area 14 kuyambira ndili khanda. Nyumba zake ndi zija zoti ukalowa pageti umayenda mpaka kumva ludzu usanafike pakhonde. Ife timakhala kuseri, kuboyizikota, pafupi ndi thanki ya madzi komanso agalu awiri amene amadya bwino kuposa aphunzitsi anga onse a kusekondale. Ine ndinabwera kudzakhala kumeneko nditafika poyamba sukulu. Ubwana weniweni ndinathera kumudzi, cha ku Mitundu, m'manja mwa amayi aang'ono.

M'nyumba yaikuluyo muli mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ine ndi iyeyo tinasiyana miyezi yochepa, wamkulu ndine, koma ndimati "asisi" ndipo ndimawapatsa "inu", poti ukulu wa kuboyizikota suwerengedwa. Asisiwa anapita ku yunivesite kunja kukaphunzira za maganizo a anthu, ati saikoloje. Atabwerako anapeza ntchito mu ofesi ina ku City Centre, mbali yolemba anthu ntchito.

Koma anabwera ndi matenda. Munthu sankadutsa pamaso pawo osamuyeza. Anayamba ndi alonda a pageti, bambo wachikulire amene sangakupatse ngakhale kamtengo kamodzi ka machesi popanda kukufunsa dzina la agogo ako. Asisi anawayang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Madala, kuumira kwanuku ndikudziwa kochokera. Anakukakamizani msanga kukhala papoti muli mwana."

Alonda anavula chipewa mwaulemu. "Poti wake uti, asisi? Ife kwathu tinali ndi tchire lonse."

Ine ndinaseka mpaka agalu anayamba kuuwa. Sindinadziwe kuti pamzere wotsatira ndinali ine.

Nthawi imeneyo ndinali nditamaliza kalekale Fomu 4, ndikungokhala, kuwerenga masamba a mtengo wa mango. Amayi anamva kuti ku ofesi kwa asisi akufuna mesenjala, ndiye anakagwada kukhitchini n'kundipemphera. Asisi anati, "Palibe vuto, abwere Loweruka masana pakhonde ndidzacheze naye kaye."

Aise, ndinakonzeka. Malaya ndinasita mpaka anayamba kuonekera ngati pepala la chiwaya. Tayi ndinabwereka kwa alonda, atandilumbiritsa kuti sindidyera nayo chilichonse chamsuzi. Ndinaloweza mayina a mabanki onse a ku City Centre ndi njira zachidule zake. Ndinakhala pakhonde, manja pamaondo, ngati munthu wodikira chigamulo kukhoti.

Funso loyamba: "Unaleka kuyamwa uli ndi miyezi ingati?"

Ndinayang'ana kumbuyo, mwina akufunsa galu.

"Asisi, pepani, nthawi imeneyo kalendala ndinali ndisanagule."

Sanaseke. Anaitana amayi. Amayi anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje, n'kugwada pafupi ndi mphika wa maluwa.

"Anti, mwana wanuyu munamuletsa bere liti?"

Amayi anayang'ana pansi. "Anali asanayambe kukwawa, asisi."

"Munamuletsa bwanji?"

"Monga timachitira kwathu. Ndinapaka tsabola. Atalawa kawiri anakana yekha. Ndiye ndinamusiya kwa mng'ono wanga, ine n'kubwera kuno."

Asisi anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati dokotala amene wapeza malungo amene amawayembekezera kale. Kenako anatiphunzitsa, ine ndi amayi, pakhonde pompo. Akuti kunali mzungu wina wandevu, anamwalira kalekale, amene anatulukira kuti mwana amakula ngati minibasi yodutsa m'masiteji. Siteji yoyamba ndi pakamwa, poti chisangalalo chonse cha khanda chili poyamwa. Yachiwiri ndi ija ya alonda, ya kumatako. Zinazo sindinganene, ndine mwana wa mpingo. Ndiye akuti mwana akasokonezedwa pasiteji ina, kachidutswa ka iyeyo kamatsikira pomwepo, osakweranso mpaka imfa. Ine ndinatsikira pakamwa. N'chifukwa chake ndimalongolola, ndimatafuna bolopeni, ndimaluma anthu ndi mawu.

"Si zokhazo," anatero. "Wina amene anabwera pambuyo pake anati chaka choyamba ndi pamene mwana amaphunzira ngati dziko lino ndi lodalirika kapena ayi. Mayi akasowa mwadzidzidzi, mwanayo sadzakhulupirira anthu. Ndipo munthu wotere kumudalira n'kovutanso. Tsono mesenjala amanyamula makalata, macheke, zinthu za anthu."

"Asisi, ine ndinayamba ndabapo chiyani pano? Zaka zonsezi ngakhale peyala la mumtengo uwo ndimapempha."

"Si vuto lako," anatero ndi mawu ofewa ngati buledi wa m'mawa. "Iweyo sunalakwe. Ndi zimene zinakuchitikira."

Iwe sunalakwe. Ndiye analakwa ndani? Pakhonde paja tinalipo atatu, ndipo mmodzi anali chogwada.

Ntchito ija anapatsidwa mnyamata wina wa ku Area 13, mwina iyeyo anayamwa mpaka kupeza satifiketi. Sizinandipweteke kwambiri. Ntchito ku Lilongwe kuno imakukana tsiku lililonse, umazolowera ngati fumbi. Chimene chinandipweteka chinayamba Lolemba madzulo.

Amayi anaweruka, analowa m'nyumba ndi kapaketi ka mkaka kogula pagolosale. Anawiritsa, anathira m'kapu yaikulu ija ya pulasitiki, n'kundiikira patsogolo.

"Imwa."

"Amayi, kwagwanji? Ndine mwana wa ng'ombe?"

"Imwa, mwana wanga."

Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Mayi amene chibadwire changa tiyi wawo ndi wakuda ngati phula, amene amati mkaka ndi wa anthu odwala ndi a m'nyumba yaikulu, tsopano ankaugula tsiku ndi tsiku kuti abweze umene anandimana zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Ndinamwa mkaka mpaka ndikadutsa pafupi ndi ng'ombe zimandipatsa moni. Masaya anatuluka. Alonda anayamba kundifunsa ngati ndalowa ndale.

Koma mkaka si umene unandipsetsa mtima. Amayi anasiya kundinyoza. Muyenera kumvetsa, amayi anga ndi katswiri. Kale ndikanena bodza langa, ankayamba aseka mpaka kugwira m'nthiti, misozi mbwembwembwe, kenako n'kunena kuti, "Galu iwe, choka apa ndisanakuponyere chipande." Umenewo unali moyo wathu. Munthu wachapa, wakolopa, waphika, wanyozedwa ndi adona chifukwa cha kapu imene anaswa ndi mphaka, akafika kuboyizikota ndinali ine wailesi yake. Tsopano ndikayamba nkhani, ankandiyang'ana ngati ndikuwaonetsa chilonda. Ndinawauza tsiku lina kuti kondakitala wina anatipanikiza mu minibasi mpaka mayi wina anatsika atavala nsapato ya ine. Iwo anangoti, "Pepa, mwana wanga. Ndi ine ndinakuchititsa zimenezi."

Pepa! Nthabwala yanga yabwinobwino, yoti ndaiganizira njira yonse kuchokera kudepoti, yankho lake pepa!

Anakakambanso kwa amayi anzawo a kumpingo kuti amupempherere mwana wawo, poti anamuwononga okha ndi tsabola. Lamulungu lotsatira azimayi atatu anandigwira mutu panja pa tchalitchi, kukuwira pakamwa panga ngati muli munthu wobisala m'menemo.

Pamenepo ndinakhala pansi n'kuganiza, ndipo m'mene ndinkaganiza ndi m'menenso ndinkatenthera. Nkhani ya tsabola ija ndinkaidziwa kale, amayi aang'ono ankaikamba kumudzi ngati nkhani wamba. Bambo anga anapita ku Joni ine ndili m'mimba, mpaka lero akuti adakali m'njira. Amayi anamva kuti ku Area 14 adona ena abereka kumene ndipo akufuna wolera mwana. Adonawo ananena mawu amodzi okha: ntchito ilipo, koma osabwera ndi mwana. Tsabola uja sanadzipake yekha. Ndipo khanda limene linakwera pamsana umene ine ndinatsitsidwa, khanda limenelo ndi lomwe linakula, kukwera ndege, kukawerenga mabuku a mzungu wandevu, n'kubwera kudzawauza amayi anga kuti analera molakwika.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku City Centre popanda tayi.

Ofesi yawo ili m'mwamba, kumene mphepo ya makina imazizira ngati mochare. Anandilandira bwino, sindinganame. Anandionetsa mpando. Patebulo panali kambale ka maswiti a alendo.

"Asisi, ndabwera ndi funso limodzi. Buku lanu lija, lili ndi tsamba la abwana?"

"Sindikumva."

"Likufunsa kuti mayi anamuletsa liti mwana bere. Chabwino. Likufunsanso kuti anamutuma ndani? Mzungu wanu wandevu uja anayamba wakhalapo kuboyizikota? Anayamba wamvapo mawu oti osabwera ndi mwana? Ine ndinatsika pasiteji ya pakamwa, mwatero. Eya, ndinatsika. Ananditsitsa kuti mukwere inu! Mpando munakhalapo uja unali wanga, wa pawindo, womangidwa ndi chitenje!"

Ndinalankhula, aise. Mazenera ananjenjemera. Kompyuta inazima yokha ndi mantha. Chabwino, apo chotsanipo pang'ono, koma mayi wina wa tebulo loyandikana anasiyadi kutaipa.

Nkhope ya asisi inasintha kamphindi kochepa, ndinaona ndi maso angawa. Anati, "Anti ndimawakonda ngati mayi anga enieni."

"Ndi anu kumene. Munayamba ndinu kuwagwiritsa ntchito."

Anapuma mpweya wautali, n'kubwerera m'buku mwawo ngati kamba wolowa m'chigoba. "Waona? Mkwiyo umenewu ndi womwe ndimanena uja. Ukuluma ndi mawu. M'mutu mwa munthu muli zinthu zitatu: kamwana kofuna zake pompopompo, wapolisi woletsa, ndi wapakati woyanjanitsa awiriwo. Kwa iwe kamwana ndi kamene kali pachiwongolero."

"Ndiye ndikaseka, ndi bere. Ndikakwiya, ndi bere. Nanga ndikakhala chete?"

"Ndiye kuti ukukwirira."

"Nanga munthu woyamwa mpaka kukhuta, osamuletsa?"

"Nayenso akhoza kutsakamira pomwepo, chifukwa chozolowera."

Mwamva? Khoka lake ndi lopanda pothawira. Uyamwe pang'ono, wagwidwa. Uyamwe kwambiri, wagwidwa. Ngakhale asing'anga a kuseri kwa msika amakusiyirako kampata kotsutsa.

Ndinatsitsa mawu. Ndinati, "Asisi, ntchito sindikufunanso. Ndikupempha chimodzi. Mukawauze amayi kuti sanalakwe. Mawu anu amawamva ngati a abusa. Sakusekanso."

"Ndikhoza kuwauza kuti anachita zimene akanatha," anatero. "Koma sindingasinthe zimene maphunziro akunena." Kenako analoza pakamwa panga ndi bolopeni. "Taona wekha."

Ndinali ndikutafuna switi. Sindikudziwa kuti inalowa liti. Pambali panga panali timapepala ta maswiti todzaza dzanja. Ndinatuluka osatsanzika, ndipo ndinatsika masitepe wapansi chifukwa chikepe chikanandichedwetsa kupsa mtima.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinalowa ndikuyembekezera chipande. Ndinachilakalaka chipande chimenecho, ndikanachipsompsona. Amayi anangoti, "Usamawayankhe asisi, mwana wanga. Iwo anaphunzira. Wolakwa ndine." Mkaka unali kale pamoto.

Apa ndinaona kuti kukangana ndi buku sikungathandize. Pamafunika munthu wamoyo. Ndipo munthuyo ndinali naye: amalume.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, chitsiriza m'banja lawo, amagulitsa nsapato za kaunjika ku Old Town. Ngati ine ndimawonjezera mchere, iwowo ndi eni ake mgodi. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawauza amayi kuti amalume akudwala mwendo, akufuna kuwaona. Tinakwera minibasi.

Tinawapeza ataimirira bwinobwino ndi miyendo iwiri, akumugwira paphewa bambo wina wa jekete. M'manja munali nsapato ziwiri zosiyana mtundu pang'ono.

"Bwana, iyi anavala kazembe. Kusiyana mtunduku n'chifukwa choti mwendo uwu unkakhala mbali ya dzuwa m'galimoto. Yesani. Yathina? Ndi ulemu umenewo, ikukupatsani moni. Mawa ikuzolowerani."

Bamboyo anagula. Amayi anati, "Achimwene, mwendo uja ndi uti?"

"Mwendo?" Amalume anandiyang'ana, ine ndinatsinzinira diso limodzi. "Aa, wachira m'mawa womwe uno, chemwali. Ndinangomva kuti mukubwera, fupa linabwerera lokha."

Ndinawakhazika amayi pabenchi pakati pa nsapato. Ndinati, "Amalume, tandiuzani pamaso pa mboni. Inu bere munaleka liti?"

"Kuleka? Ndani anakuuza kuti ndinaleka? Anachita kundichotsa ntchito! Ine ndinkachokera kobusa mbuzi, kuika chikwapu pansi, kuyamwa choimirira, n'kubwerera kudambo. Mpaka akulu a mpingo anachita kubwera kudzakambirana nane."

"Bodza," anatero amayi motsitsa. "Akulu a mpingo sanabwere."

"Anabwera anayi, wina ndi njinga."

"Bodza, achimwene! Ndine ndinatumidwa kukathyola tsabola. Ndinasinja ndekha, n'kuwapaka amayi athu."

"Ndiye ndinatani?"

Amayi anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Mapewa anayamba kugwedezeka. "Munanyambita yense. Kenako munafunsa ngati kuli tomato."

Chinaphulika. Kuseka kuja kumene ndinakusowa nyengo yonse ya mkaka kunatuluka konse nthawi imodzi, mpaka mayi wogulitsa mandasi pafupi anayamba kuseka nawo osadziwa nkhani. Amayi anagwira m'nthiti, misozi ikutsika, nsapato ya kazembe wina inagwa pabenchi.

Ndinadikira apume. Ndinati, "Amayi, taonani bwino. Awa anayamwa mpaka kumera ndevu. Ine ndinayamwa pang'ono. Pakamwa pathu pakusiyana pati?"

Anayang'ana amalume, amene anali atayamba kale kumuuza mtsikana wina kuti nsapato ya chidendene chothyoka ndi fashoni ya ku Dubai. Anayang'ana ine. Anapukusa mutu.

"Ndi magazi," anatero. "Unatengera chitsiru ichi."

"Chemwali, chitsiru chake chiti? Ine kapena uyu?"

"Nonse. Agalu inu."

Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Zoti buku la asisi lili ndi yankho la amalumenso, zija za woyamwa mopitirira, amayi sindinawauze. Inunso mukakawauza tidzaonana.

Pobwerera tinakweranso minibasi. Titadutsa mlatho amayi analankhula akuyang'ana pawindo, osati kwa ine. Anati masabata oyamba ku Area 14 mkaka unkangotuluka wokha, kunyowetsa bulauzi, iwo atabereka mwana wa eni ake kumsana. Ankalowa m'bafa la antchito n'kufinyira pansi, kutsegula mpopi kuti utsikire kungalande. "Ndinkati mwina pano mwana wanga akulira kumudzi," anatero. "Basi ndinkapukuta, n'kukatenthetsa botolo la asisi."

Sindinapeze nthabwala. Ine amene. Ndinangokukuta mano mpaka pasiteji yathu, ndipo ndikukutabe. Zimenezo mzungu wandevu sanalembe, ndipo asisi sanafunse. Mpaka lero amadutsa pageti ndi galimoto yawo, amandikwezera dzanja, amakhulupirira ndi mtima wonse kuti anatithandiza kudzidziwa. Ine pano ndimagulitsa nsapato ndi amalume, kumene pakamwa ndi digiri.

Madzulo a tsiku limenelo m'nyumba munali kapaketi kamodzi kotsala. Amayi anakawiritsa monga mwa masiku onse. Ine ndinakhala pampando kudikira kapu ya pulasitiki ija. Iwo anatenga kapu yawo ya tiyi wakuda, anathiramo mkaka wonse mpaka tiyi anayera, anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Amayi, nanga wanga?"

Anapsontha kamodzi, n'kutseka maso.

"Ukayamwe kwa amalume ako," anatero. "Choka apa ndisanakuponyere chipande."